Tsiku Limene Chida Chinathyoka

Nkhani iyi amuna sakamba. Ine ndikamba.

Ndinali msodzi ku Makanjira, zaka zimene anthu a ku Mozambiki ankathawira kuno nkhondo. Mkazi wanga anali mmodzi wa iwo. Mwamuna wake woyamba anatsala komweko, kaya wamoyo kaya wakufa. Abale anga sanamukonde mkaziyu.

Tsiku lina m'mawa, nditabwera kunyanja, tinali m'nyumba awiri monga banja. Ndinangomva kuti tho, ngati chinangwa chachiwisi chathyoledwa. Mphamvu zinathera pomwepo. Pofika masana chida changa chinali chitatupa, chitada bii, chitapindikira kumbali.

Ndinaitanitsa amjomba, amalume anga, eni mbumba yathu. Anayang'ana kamodzi n'kulavula.

"Mulibe fupa mmenemo. Ndiye chathyoka n'chiyani? Mkaziyu mwamuna wake uja anamutchera mankhwala. Umupatse talaka lero, banja lithe, asanakumalize."

Anabwera ndi sing'anga woti anditeme mphini pomwepo. Lumo lake ndinalikana. Mkazi wanga anali pakhonde, atamanga kale zovala m'chitenje. Kopita analibe, kupatula kumsasa wa othawa nkhondo.

"Masula katunduyo," ndinamuuza. "Tikupita kuchipatala. Amjomba, nanunso mukwera. Mukamve ndi makutu anu."

Tinakwera lole ya nsomba zouma. Ikagunda dzenje ndinkaluma malaya. Pachipatala cha pa boma ku Mangochi anangoona n'kutitumiza ku Blantyre pa ambulansi.

Kumeneko makina ounikira m'thupi anali omwe aja amaunikira amayi oyembekezera. Anatikhazika pabenchi pawo, ine ndi amjomba ndi ndevu zawo.

"Agogo, yanuyo ndi ya miyezi ingati?" anafunsa mayi wina. Benchi yonse inafa nazo. Amjomba anatsitsira chisoti kumaso.

Dokotala anafuna kuti nditsale ndekha. Ndinati ayi, amjomba alowe. Anandipaka mafuta ozizira, n'kuyendetsa pamalopo kachitsulo konga sopo. Pagalasi panatuluka zinthu zotuwa. Analoza mzere woyera umene unaduka pakati, ndi dziwe lakuda pambali pake.

"Apa ndi pamene pang'ambika. Chakudachi ndi magazi. Chida chikalimba, khungu lam'kati limapyapyala ngati chubu cha njinga chopopa kwambiri. Chikapindika mwamphamvu chimaphulika. Kumaiko akunja kuli makina aakulu olowamo munthu yense, oonetsa bwino kuposa awa. Kuno tilibe. Koma apa sitikuwafuna, zaoneka."

Amjomba anasendeza nkhope pagalasi.

"Nanga mankhwala akuonekamo?"

"Bambo, ine ndikuona mnofu wong'ambika. Izi zimachitikira mwamuna aliyense, kaya ali ndi mkazi wotani. Mukanachedwa nazo, akanakhala wopindika mpaka kale."

Anandisoka tsiku lomwelo. Anandilamula kukhala milungu isanu ndi umodzi osayandikira mkazi. Ndinamvera. Mkazi wanga ankagona pansi m'kholido, akundiphikira phala kuseri kwa wodi.

Amjomba si munthu wopepesa. Pobwerera, dalaivala wa lole anawaitanira mpando wakutsogolo monga mkulu. Amjomba anatembenukira kwa mkazi wanga.

"Mayi, kwerani kutsogoloko. Fumbi ndalizolowera ine."

Amjomba anakwera pamwamba pa matumba. Za talaka sanatchulenso. Mwana wathu woyamba atabadwa, anamupatsa dzina ndi iwowo.