Masamba pa Njira ya kwa Sankhani

Alfonsi Daka wa ku Kapata ndi munthu amene ukamupatsa moni amayamba wakuyang'ana m'manja. Sanabadwe choncho ayi. Zinamuphika ndi zaka makumi awiri ndi zitatu za kabaza m'tauni ya Chipata. Mnzake wina anabwereka njinga yake kuti akangotenga mwana kuchipatala, njingayo n'kubwera patapita masiku atatu ilibe kaliyala. Mayi wina wooneka waulemu anamunyamulitsa thumba lopita ku Mwami, akuti la mtedza, koma litamasulidwa pabodala munali mankhwala a thonje ozembetsa, ndipo amene anakhala pansi tsiku lonse akufotokoza anali Alfonsi. Kuyambira pamenepo anasiya kukhulupirira anthu. Ngakhale wogulitsa zitumbuwa akamuikira basera, iye ankazinunkhiza kaye.

Kenako mawondo anayamba kukana. Njinga zamoto zinadzaza tauni, ndipo okwera anayamba kumudutsa ngati sakumudziwa. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kunyamula anthu atatu okha, nawonso okalamba oopa liwiro. Zinkamuwawa kwambiri, koma sankauza munthu.

Pansi pa mtengo womwewo m'pamene anamupeza mayi Molly, mwana wa aphunzitsi a ku Tamanda, amene anali atabwerako ku Lusaka ndi njinga zisanu ndi imodzi zoyendera batire. Ankafuna munthu wodziwa njira za kumudzi woti azitsogolera alendo, asanuasanu ulendo umodzi, kukaona minda ndi nkhalango.

"Anthu onsewa mwawasiya bwanji, mayi, kuti mufike pa ine?" anafunsa Alfonsi.

"Andiuza kuti palibe njira imene simuidziwa, a Daka."

"Wakuuzani ndani?"

Mayi Molly anaseka, koma Alfonsi sanaseke. Zinamutengera sabata yathunthu kuti avomere. Njingayo anaizungulira, anaigogoda, batire analichotsa n'kuligwedezera kukhutu. Ankati njinga yokwera phiri popanda thukuta la munthu ili ndi chimene ikubisa. Koma tsiku limene anaikwera n'kudutsa chitunda chimene chinkamutsitsa masiku onse, mawondo ali phee, anaseka yekha ngati mwana. Atafika pamwamba anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati wina wamuona.

Ulendo wake unkayambira m'tauni, kutsata msewu wa ku Mwami, kenako kupatukira m'njira yafumbi yodutsa m'minda ya chimanga, mtedza ndi thonje. Unkathera m'nkhalango ya paphiri, imene inatsala yokha pamene mitengo yonse yozungulira inatha. Mayi Molly ankaitchula kuti chilumba cha mitengo, ndipo alendo ankalikonda dzinalo. Mmenemo Alfonsi ankasanduka munthu wina. Ankawaonetsa mlombwa ndi madzi ake ofiira, ankawatolera masuku nyengo yake, ankawauza bowa wodya ndi bowa wopha. Alendo ankamvetsera, ena mpaka kulemba. Moyo wake wonse anthu ankangomuona msana, tsopano ankamuyang'ana kumaso.

Njira yokafika kunkhalangoko inali imodzi yokha, ndipo inkadutsa pakati pa mudzi wa Sankhani, kwawo kwenikweni kwa Alfonsi. Inkadutsa pakhomo penipeni pa a Magalita, alongo ake aakulu, amene anamulera mayi awo atamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Loweruka lililonse a Magalita ankadikira pakhonde ndi ndowa ya thobwa, miyendo yawo yotupa ataitambasula pamphasa, n'kumamwetsa alendo a mlongo wawo monyadira.

Vuto linali amuna awo, a Limbani. Iwowa ankaotcha makala kuseri kwa phiri, ndipo alendo okhala ndi mafoni sanawasangalatse. Posakhalitsa m'mudzi munamveka mphekesera yoti mafoni amene ankamangidwa pahandulo za njingazo akuyeza nkhalango, ndipo tsiku lina kudzabwera waya ndi chikwangwani. Alfonsi sanachite kufunsa kumene nkhaniyo yachokera.

Tsiku lina a Limbani anamukokera kuseri kwa nkhokwe alendo akumwa thobwa.

"Alamu, tandiuzani zoona. Mzere umene umatuluka pafoni paja ndi wa chiyani?"

"Umaonetsa pamene tadutsa."

"Ndiye amautumiza kwa ndani?"

"Inu mukuopa chiyani, alamu? Kapena pali chimene simukufuna chioneke kuseri kwa phiriko?"

A Limbani anatembenuka n'kuchoka. Choseketsa n'chakuti funso lomwelo Alfonsi anali atawafunsapo kale mayi Molly, kawiri, ndipo yankho lawo silinamukhutiritse. Koma kulimva kuchokera pakamwa pa mlamu wake, mkamwini wochita kubwera m'mudzi wa eni, kunamukwiyitsa.

Loweruka lotsatira anapeza chipika chitapingasa njira. Linalo anapeza minga ya mthethe itamwazidwa pamchenga, ndipo matayala atatu anaphwa. Alendo anayenda pansi makilomita awiri akukankha njinga zolemera ngati thumba la fetereza, dzuwa likuwaswa. A Magalita atamva anati minga ija inagwa pangolo ya munthu amene ankakamanga khola la mbuzi, iwo anaiona ngoloyo ndi maso awo.

"Mukuikira kumbuyo amuna anu, alongo," anatero Alfonsi.

"Iwe Alfonsi, udzasiya liti? Unali mwana wabwinobwino iwe."

Amene anaika chipika chija sakudziwika mpaka lero. Za minga, mwina inalidi ngolo. Koma mayi Molly analibe nthawi yofufuza. Anamuuza mosapita m'mbali kuti alendo akadzabwezedwanso panjirayo kamodzi kokha, ulendo ausamutsira mbali ina ya tauni, ndipo apeza wotsogolera wa kumeneko. Alfonsi anaona m'maganizo mtengo wa mango uja, benchi lake, ndi njinga yakale yomwe mawondo ake sakanaipalasanso. Analumbira mumtima kuti palibe mkamwini amene adzamubwezere pamenepo.

Loweruka lina la mwezi wa Juni, kukuzizira, foni yake inalira asanasambe n'komwe. Anali a Limbani. Alfonsi anangoiyang'ana mpaka inasiya. Inaliranso, n'kuliranso. Munthu amene sanamuimbirepo chaka chathunthu, lero aimbe tsiku la alendo? Alfonsi anaona msampha poyera: akufuna amuuze kuti asabwere, kuti mlatho waguluka kapena anyamata a m'mudzi akwiya. Kenako inabwera nambala yachilendo, ndipo iye anamwetulira, poti anadziwa kuti mlamu wake wabwereka foni ya wina. Anaizima n'kuiponya m'chikwama.

Alendo a tsikulo anali asanu: azungu awiri okwatirana, mnyamata wogwira ntchito kubanki ndi bwenzi lake, ndi namwino wina wa ku Lusaka dzina lake Emma, amene makolo ake anali a konkuno. Anayenda bwino. Thonje linali litayera m'minda, ndipo azungu aja ankaima pafupipafupi kujambula. Cha m'ma leveni anafika pachitunda chomaliza, pamene njira imakhota kulowa kwa Sankhani.

Panjirapo panali masamba. Nthambi zaziwisi za kesha zinali zitayalidwa mopingasa, kuyambira mbali iyi mpaka inayo.

Aliyense wokulira kuno amadziwa tanthauzo lake. Masamba panjira ndiye kuti kutsogoloko kuli maliro. Wa galimoto amayenda pang'onopang'ono, wovala chipewa amavula, ndipo wa njinga amatsika n'kumaikankha mpaka atadutsa masamba ena a kutsidya. Alfonsi anali atatsikira masamba otere mwina kambirimbiri, katundu ali pakaliyala, osadandaula.

Anaima, phazi limodzi pansi, n'kutchera khutu. Sikunkamveka kulira, sikunkamveka nyimbo. Mphepo yokha. Anayang'ana masambawo ndipo anaona kuti ayalidwa mwadongosolo kwambiri, ngati ndi munthu wofuna kuti aoneke. Chipika chinalephera, minga inalephera, ndiye lero afika pogwiritsa ntchito maliro! Akufuna alendo atsike, akankhe njinga pachitunda, akafike pakati pa mudzi ali wefuwefu, anthu n'kuwaseka. Ndipo m'mudzi mwake mwenimweni mukanagwa maliro, iye akanalephera bwanji kumva?

Emma anali atatsika kale, ndipo ankamasula chipewa chake cholimba chovala pokwera njinga.

"A Daka, si maliro awa?"

"Ndi masewera, mayi. Pali munthu amene safuna kuti tizidutsa muno."

"Koma masamba samachitira masewera. Bwanji tingokankha? Sipatali."

"Ine ndinabadwira muno, anthu ake ndikuwadziwa. Kwerani."

Emma anakayika, koma anakwera. Alfonsi anadina batani lowonjezera mphamvu, tayala lake linaponda masamba aja, ndipo asanu onse anamutsatira.

Njinga za batire sizichita phokoso, ndipo pachitunda zimathamanga ngati pachigwa. Palibe amene anawamva akubwera. Anangotulukira pakhota paja, ndipo anapezeka ali pakati pa anthu. Amuna anali atakhala pansi m'mbali mwa njira, mitu yowerama. Amayi anadzaza bwalo, ambiri atavala nsalu za mpingo. Katekisiti anali ataimirira ndi korona m'manja, pakati pa pemphero, n'chifukwa chake kunali zii. Mzungu wamwamuna uja, posadziwa kanthu, anakweza dzanja n'kufuula mosangalala mawu amene Alfonsi anamuphunzitsa m'mawa: "Muli bwanji!"

Mitu yonse inatukuka. Mayi wina wokalamba anagwira pakamwa. Alfonsi anamanga mabuleki mwamphamvu moti fumbi linawazira amuna amene anali pafupi. Anadumpha, njinga n'kugwera uko. Ndipo m'pamene anaona kuti anthu onsewo akhala moyang'ana khomo limodzi. Pakhonde paja panalibe ndowa ya thobwa, panalibe mphasa. Chitseko chinali chotsegula, ndipo mkatimo wina anayamba kulira, ena n'kulandira.

A Limbani anadzuka pakati pa amuna aja n'kubwera pang'onopang'ono. Maso anali ofiira, malaya atamanga mabatani mophonya. Alfonsi anadikira kuti atukwanidwe, ndipo kunena zoona ankalakalaka kuti zitero. Koma a Limbani analankhula motsitsa.

"Anagwa m'mamawa akusesa pabwalopa. Ankalankhula, alamu. Ankati muitaneni Alfonsi abwere. Ndaimba, ndaimba, mpaka ndinabwereka foni ya akatekisiti poganiza kuti yanga ndi imene ikuvuta. Atisiya cha m'ma naini."

Alfonsi anawerengera mumtima, ngakhale sankafuna. Kuchokera ku Kapata pa njinga imeneyi ndi mphindi makumi anayi. Akanafika, akanawapeza, akanakhala nawo maola awiri.

Kumbuyo kwake Emma anali atawatsitsa kale anzake. Anawanong'oneza, ndipo onse anavula zipewa, mafoni n'kubisa m'matumba. Anadzutsa njinga ya Alfonsi n'kuitsamiza pamtengo.

"Ife tibwerera, a Daka," anatero. "Njira ndaiona. Mayi Molly ndikawafotokozera ndine. Pepani."

Alendowo anatembenuza njinga zawo n'kumazikankha kutsika chitunda, mwakachetechete. Alfonsi sanawayang'ane. Za ntchito, za mtengo wa mango, zonse zinali zitachoka m'mutu mwake. Anaimirira pakati pa njira, anthu amene anakula nawo akumuyang'ana. Iye ndiye anali mwini mbumba, munthu amene mudzi wonse unkamudikira kuti mwambo uyambe, ndipo anali atalowa pamaliro a mlongo wake ali pachishalo.

Katekisiti anayambiranso pemphero pamene analekezera. A Limbani anabwerera pamalo pawo, n'kusendera kumapeto kwa chiguduli chimene anakhalira. Anasasa fumbi pambali pawo ndi dzanja.

"Khalani apa, alamu. Mupume kaye, kenako tikalowe limodzi mukawaone."

Alfonsi anayang'ana malo amene anamusiyirawo, anayang'ana dzanja limene linasasa fumbilo, ndipo anadzimva akufunsa mumtima kuti, kodi ameneyu akufuna chiyani kwa ine? Funsolo linabwera lokha, iye asanaliitane. Atalimva, anadzichitira manyazi. Anakhala pansi pachigudulipo, anabisa nkhope m'manja, n'kulira mokweza, ndipo a Limbani anamugwira paphewa.