Singano Zagolide za a Msiska

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza mwamuna wanga atandisiya ndi mwana wakhanda, Tadala. Mayi Msiska, amene tinkaimba nawo kwaya ku Chilomoni, ndiwo anandigwira mkono. "Amuna anga akufuna munthu pa shopu. Kulira mukalirira komweko," anatero.

A Msiska anali atapuma ntchito m'boma, ndipo ankasoka mipando ya minibasi, malona ndi matenti. Anali munthu wosalankhulitsa, woti "zikomo" wake kumumva mpaka Khirisimasi. Anandiphunzitsa kukulunga ulusi pa bobini, kuthira mafuta makina aakulu osokera, ndi kumata chigamba ndi guluu ndisanachisoke kuti madzi asalowe.

M'dirowa yokiya ankasungamo singano zooneka ngati zagolide. Tsiku lina ndinawaseka kuti kodi anazisula kuchokera ku ndolo za madamu awo. Sanaseke. Anandiuza kuti mkati mwake ndi chitsulo wamba, koma kunja anazikuta ndi khungu lopyapyala la chitsulo chotchedwa titaniyamu chophatikiza ndi mpweya wa naitirojeni, lolimba ndiponso loterera. Singano wamba ikaboola lona wapulasitiki kambirimbiri imatentha, guluu amaikanirira, nsonga imatha, ulusi nkumaduka. Yokutayo imangolowa nkutuluka.

"Koma imathyoka ngati inzake," anawonjezera. "Musamakoke lona. Makina amakoka okha."

Ine sankandilola kuzigwira, chifukwa dzanja langa linali laphuma. Zinkandiwawa, sindibisa.

Chaka chimenecho, mvula itangoyamba, Mayi Msiska anatisiya. Tsiku loika maliro m'mawa, mphepo inang'amba tenti yomwe inali pabwalo la nyumba yawo, kuchokera pakati mpaka kumapeto. Mwambo unali woti uyambe masana, achibale ochokera kwawo ku Rumphi anali atafika kale, ndipo mitambo inali itada bii. Amuna a kutchalitchi ananyamula tenti ija kubwera nayo ku shopu, nkundiyang'ana ine.

Ndinamata chigamba chachitali, ndinayamba kusoka ndi singano wamba. Ndikangoyenda pang'ono, ulusi du! Ndikachotsa singano, yotentha, yodzaza guluu. Ndinasintha, zomwezo. Mtima unandiwawa poganiza kuti mayi amene ananditola aja aperekezedwa ndi anthu onyowa, kwaya itabalalika.

Ndinamanga chitenje nkupita kusiwa. Kufunsa namfedwa za ntchito ndi zochititsa manyazi, koma ndinagwada pambali pa mpando wa a Msiska nkunong'ona kuti ulusi ukuduka. Sanandiyang'ane. Anapisa m'thumba la jekete, nkundiika kiyi wa dirowa m'manja.

"Tengani yaikulu ija, amake Tadala. Pitani."

Ndinaiika singano yagolide, mbali yake yokhala ndi kangalande ikuyang'ana kolowera ulusi, nkumanga sikuluwu yoigwira. Amuna awiri ananyamula tenti kuti isalemere patebulo. Nditaponda, makina anasintha kulira kwake, ulusi osaduka. Kunja kunagunda bingu, manja anga akufuna kukoka kuti ndithe msanga. Ndinawaletsa. Ndinkangowongolera lona, misozi ikugwera pa msoko, mpaka mizere ya mbali zonse ziwiri za chigamba inatha.

Mvula inagwa m'busa ali pakati pa ulaliki. Inagwa yeniyeni, koma palibe anasuntha. Ndinaimba ndi anzanga a kwaya, maso ali pamwamba, ndikudikira dontho. Silinabwere.

Patapita masabata, a Msiska anabwerera ku shopu. Ndinawabwezera kiyi pamodzi ndi singano ija, yowongoka, mtundu wake uli chimodzimodzi. Anaitembenuza pazala zawo kwa kanthawi.

"Simunakoke," anatero. Kiyi anandikankhira kumbali yanga ya tebulo.

Lero ndili ndi makina anga ku Zingwangwa, ndipo singano zokutazi ndimagula ndekha. Wophunzira aliyense ndimamuuza kuti khungulo limateteza singano kuti isathe, koma dzanja laphuma limaithyolabe. Ndimayamika banja lija kwambiri. Mayi anandipatsa poyambira, ndipo bambo anandikhulupirira tsiku lomwe analibe mphamvu yoyang'ana kumwamba kuti aone ngati tenti ikudontha.