Chiliza Chosowa Manda

A Nyundo anakumana koyamba ndi a Kamvuluvulu pakhonde la sitolo ya nsalu. Anali pamwamba pa makwerero, akulemba dzina la mwini sitolo ndi utoto wofiira, pakuti masiku amenewo anali asanayambe kusema miyala. Pansi panadzaima mphunzitsi wowonda ngati bango, atagwira njinga yopanda mabuleki, thalauza atalimanga ndi mphira m'akakolo.

"Inu apamwamba, mungandilembere chikwangwani choti anthu andisankhe?"

"Akusankheni pa chiyani, aphunzitsi? Pa mpikisano wa njala?"

Mphunzitsiyo anaseka mpaka njinga inagwa, ndipo ubwenzi wawo unayambira pomwepo. Dzina loti Kamvuluvulu anthu anawapatsa chifukwa ankafika pamsonkhano, n'kuutsa fumbi, n'kuchoka ena asanapeze pokhala. Chaka chomwecho anapambana, nakhala phungu wa chigawo cha kutsidya kwa mtsinje.

A Nyundo nawo anakwera m'njira yawo. Anaphunzira kusema miyala kwa mmisiri wina wokalamba, natsegula kashedi kawo kuseri kwa msika, kamalata otoboka, kodzala fumbi loyera lomwe linkawakhala m'nsidze mpaka tsiku lopemphera. Nyundo yaing'ono sinkachoka m'thumba la ovololo yawo, n'chifukwa chake dzina lawo lenileni linaiwalika. Andale onse a m'bomalo ankadutsa m'manja mwawo kawiri: koyamba potsegulira mlatho kapena chipatala, pofunika mwala wonena amene watsegulira, kachiwiri akatsikira kuli chete.

Choncho ankadziwa kumene aliyense anagona, ndipo akamadutsa chapafupi ankapatuka kukaona ngati ntchito yawo ikadali chilili. Tcheyamani wa khonsolo amene anamanga msika anaikidwa kuseri kwa nyumba yake, koma ana anagulitsa nyumbayo, ikasanduka malo omwera mowa, ndipo pachiliza pake ankasanjapo makireti a mabotolo. Mayi woyamba kukhala khansala, uja anamenyera mijigo mpaka kusasa mawu, mizu ya mtengo inang'amba mwala wake pakati penipeni pa dzina. Panalinso phungu wina wosinthasintha zipani, amene ana ake anatukwanizana m'shedi momwemo posagwirizana choti alembepo, mpaka a Nyundo anangosema dzina ndi zaka.

A Kamvuluvulu sanali mngelo. Anali aukali, ndipo munthu wina wowatsutsa anamugwetsera golosale masanasana. Koma mlatho wa pamtsinje unali wawo, chipinda cha amayi oyembekezera chinalinso chawo, ndipo ngakhale atayamba kuyenda pa galimoto yotseka magalasi, sankadutsa pashedi osaima. Tsiku lina anafika ndi lole itanyamula mwala wakuda, wosalala ngati madzi a m'chitsime.

"Uwu ndi wanga, mmisiri. Lembani dzina ndi chaka chobadwa. Pansipa musiye mzere."

"Mukudziitanira imfa, bwana?"

"Imfa siitanidwa, imadziwa njira. Ndaona zimene ana amachita m'shedi muno. Mzerewo ndidzakuuzani ndikatha ntchito, pano ndikadali pakati."

A Nyundo anadziwa kuti mnzawoyo akulota unduna. Anasema zilembozo mozama kuposa zonse zimene anasemapo, nauimika mwalawo pakona, ataufunditsa chiguduli.

Unduna sunabwere. Chipani chinagwa pachisankho, ndipo olowa m'malo sanafune kuona dzina la a Kamvuluvulu pakhoma lililonse. Ntchito yochotsa mainawo inadza kwa a Nyundo omwewo, poti mmisiri wina kunalibe. Iwo sanafafanize kanthu. Ankazula mwalawo pakhoma, n'kuutembenuza, n'kusema dzina latsopano kumbuyo kwake, n'kuumatanso.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Galimoto ya a Kamvuluvulu inapita, nyumba inapita, kenako matenda a shuga anawadya mwendo. A Kamvuluvulu ndi akazi awo anakakhala m'chipinda chimodzi chalendi kuseri kwa omata matayala, momwe munali bedi, mpando umodzi ndi wailesi yosalankhula. A Nyundo ankapita kukawaona, ndipo tsiku lina anawauza za miyala ija.

"Dzina lanu silinafufutike, achimwene. Langoyang'ana kukhoma."

"Ngati mwana wolangidwa m'kalasi," anatero a Kamvuluvulu, akuseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati, "Mzere uja lembanipo kuti mphunzitsi. Chimenecho chokha palibe angachitembenuze. Koma mudzauike nokha, a Nyundo. Ana angawa musawadalire."

"Ndidzauika ndekha."

A Kamvuluvulu anamwalira m'dzinja, m'chaka cha matenda otsegula m'mimba, pamene manda a khonsolo ankalandira maliro m'mawa ndi madzulo. Anawaika kumapeto kwenikweni, kumalo atsopano, m'mzere wautali wa mitumbira yofiira yofanana ngati mizere ya m'munda. Achipani sanaoneke. Kumutu anazikako kachitsulo kamene a Nyundo analemba okha ndi utoto woyera.

Maliro atatha, mayi wamasiye anafika kushedi atanyamula kale katundu.

"Alamu, ine ndikupita kwathu, lendi yandikanika. Bwanji mwalawo muuike sabata ino, ndiuone ndi maso anga?"

A Nyundo anapukusa mutu. Pantchito yawo panali lamulo limene mmisiri wokalamba uja anawaphunzitsa ndi mbama: chiliza sichimangidwa padothi losakhazikika. Dzinja lipite, linanso lipite, dothi litsike lokha. Ukafulumira, mwala umapendekeka, kenako umasweka. Iwo anali ataona ziliza za amisiri achangu zitagwada ngati oledzera, ndipo mnzawo sakanamuchita zimenezo.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mlamu. Mwala wolemera chotere dothi lanthete silingausenze."

"Inu ndinu mmisiri, mukudziwa," anatero mayiwo, napita. Kwawoko sanakhalitse, nawonso anatsatira amuna awo.

A Nyundo anadikira monga mwa lamulo. Chaka chachiwiricho akazi awo anadwala nthenda yaitali, ndipo miyendo yawo inkangodziwa njira ya kuchipatala. Akaziwo atamwalira n'kuikidwa, dzinja lachiwiri litatha, anagula simenti, nabwereka ngolo, naitana amuna oti awathandize kunyamula. Atafika kumapeto kwa manda kuja, anaima chilili. Dothi linali litakhazikika ndithu, monga ankafunira. Mitumbira yonse inali itatsika n'kufanana ndi nthaka. Tizitsulo tonse anazula ogula zitsulo zakale, mitanda yamatabwa inapsa ndi moto wolusa, ndipo mizere yatsopano inali itazinga malowo mbali zonse. Panali udzu wokhawokha, wofika m'chiuno.

"Tiike pati, madala?" anafunsa mwini ngolo.

A Nyundo anayenda uku, nayenda uko, nabwerera. Pamapeto pake mwala unabwerera pangolo pomwepo.

Anafunsa okumba manda, koma a chaka chija anali atabalalika, ndipo mmodzi amene anamupeza anangoti, "Tinaika ambiri, bambo, sitinkayang'ana nkhope." Ku ofesi ya khonsolo kalaliki wina, amene ankawoloka mlatho uja tsiku lililonse popita kuntchito, anafunsa kuti a Kamvuluvuluwo anali ndani. Mwana wamwamuna wa malemuwo, amene anali kunja kwa dziko, anayankha pafoni kuti adzaona akadzabwera. Sanabwere.

"Ababa, ingoikani penapake m'mzeremo," anatero mwana wamkazi wa a Nyundo, amene tsopano ankawasunga. "Akatsutse ndani? Akufa amawerenga?"

"Ndiye ndisanjike dzina la munthu pachifuwa pa mlendo? Bodza la pakamwa limauluka, mwanawe. La pamwala limakhala."

"Nanga mukhala nawo mpaka liti?"

A Nyundo anausungabe. Shedi inatsekedwa dzanja lawo lamanja litafa ziwalo, ndipo mwalawo anauyedzamiritsa kukhoma la bafa kunyumba kwa mwanayo, pomwe adzukulu ankanolerapo mipeni.

M'zaka zawo zotsiriza ankapitabe kumanda kuja, akukoka mwendo, ndodo ili kumanzere. Tsiku lina m'mawa anapeza mayi wina atagwada pakati pa udzu, m'dera lomwe lija, akuzula ndi manja pamalo pamene panalibe chizindikiro chilichonse. A Nyundo anamuyandikira. Ngati mayiyu akudziwa manda ake, ndi chaka chimene anaika, mwina akanawerengera kuchokera pamenepo.

"Pepani mayi, pagona ndani pamenepa?"

"Mwana wanga, agogo. Chaka cha matenda chija."

"Chaka chomwecho! Kodi mukukumbuka ngati pafupi panaikidwa bambo wina, mphunzitsi, kachitsulo kake kolembedwa bwino ndi utoto woyera?"

Mayiyo anapukuta manja pachovala chake, nawayang'ana mwachisoni.

"Ndisakunamizeni, agogo. Ngakhale panopa sindikudziwa ngati mpomwe. Ndinabwera n'kupeza pali chonchi. Ndinangosankha, poti mtima sungalire m'malere. Mwina ndikupalira mwana wanga, mwina aphunzitsi anuwo."

A Nyundo anayang'ana udzu wonsewo, kuchokera pamene anaima mpaka kumpanda. Kenako anatsamira ndodo, natsika pang'onopang'ono mpaka mawondo anafika pansi, nayamba kuzula ndi dzanja lamanzere.

"Musavutike, agogo, mudzilasa."

"Zulani kumutuko, mayi, ine ndizule kumiyendo kuno."

Anazula mpaka dzuwa linawawa. Podzuka miyendo inawakanika, ndipo mayiyo anawagwira m'khwapa, nawaperekeza mpaka pageti.