Chithunzi cha chipilala cha ku Roma

Patatha chaka atate atamwalira, abale awo anabwera kuchokera ku Kasenengwa kudzakambirana za chiliza. Tinakhala pakhonde kwathu ku Nabvutika. Amayi anakhala pamphasa chakumbali, poti pa nkhani ya manda mkazi wamasiye salankhula pamaso pa eni mbumba.

Achimwene, amene sanagwirepo ngakhale legeni, ankafuna kuti pachiliza pajambulidwe mfuti. Atate anali msilikali, ndipo nthawi ina anawatumiza ku nkhondo ya kunja. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa m'mawa womwewo amayi anali atandinong'oneza kuti pakakhala mfuti, iwo kumandako sadzapondako mpaka imfa.

Azakhali atafunsa ngati mwiniwakeyo akanakonda zimenezo, achimwene anathamangira kuchipinda n'kubwera ndi chithunzi chimene atate ankasunga pakhoma. Amene anawapatsa ndi wansembe wina wochokera ku Roma. Chinali cha chipilala chakalekale cha kumeneko, chachitali, chosemedwa asilikali mozungulira mpaka pamwamba. Pambali anakulitsa kachigawo kena kuti anthu osemedwawo azioneka bwino.

"Onani, azakhali," anatero achimwene. "Ichi Aroma anamanga ponyadira kupambana. Munthu wodana ndi nkhondo angasunge chotere?"

Amuna onse anagwedeza mitu. Ine ndinapsa mtima. Ndinangolanda chithunzicho n'kuchiika pamiyendo pa azakhali.

Iwo anavala magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali. Pakachigawo kokulitsidwako pepala linali litafufuma ndi thukuta la chala cha atate. Panali nyumba ikuyaka, ndi mayi atagwidwa tsitsi ndi msilikali, mwana atamukakamira pachovala.

"Amene anasema izi sankanyadira ayi," anatero azakhali motsitsa. Kenaka anachita zimene sindinaonepo. Anatembenukira kumphasa. "Alamu, munkakhala naye ndinu. Tiuzeni."

Amayi anakonza duku lawo.

"Ankati mayiyu anamuonapo ndi maso, kumene anawatumizako."

Achimwene anaseka pang'ono, kuseka kwa mantha.

"Ndiye kuti atate anamupulumutsa, eti amayi?"

Amayi anadzuka, n'kuyandikira. Anaika chala pa msilikali wogwira tsitsiyo.

"Ankati uyu ndi iwo eni ake, atate anu."

Palibe anatchulanso mfuti. Pachiliza tinalembapo dzina lokha, ndipo tsiku lochionetsa amayi anapita, atagwira achimwene padzanja chifukwa achimwenewo ndi amene ankalephera kuyenda.