Bwato la Makala pa Khoma la Amayi

Fungo la dothi lonyowa m'beseni limandibwezera ku Tembwe, chilimwe cha chaka chomwe ndinali mu Giredi 4. Azimayi akwathu ankakongoletsa makoma ndi mizere ndi maluwa, koma Amayi anga ankajambula mtsinje wa Luangwa, kumene anabadwira. Dothi lofiira ankakumba pachulu, loyera kudambo, lakuda ankasakaniza ndi makala osinja.

Chaka chimenecho mtsinje wawo unasintha. Kale ankajambula bango lililonse, koma tsopano ankangopaka ndi chikhatho, zigambazigamba, madzi ndi mchenga osasiyana. Ukaima pafupi unkaona matope okhaokha. Ukaima patali, cha kunkhokwe, madzi ankakhala ngati akuyenda. Anansi ankaseka, ine manyazi n'kumandigwira.

Amayi ankagwira ntchitoyo ngati akuthamangitsidwa, dzuwa la Okutobala lili phwee, osadya, nkhope ili pafupi kugunda khoma.

"Amama, pumulani, mvula ikali kutali," ndinatero.

"Si mvula nithamangisana nayo. Leta kuno dothi manje."

Tsiku lina atapita kuchitsime, ndinatenga khala n'kujambula bwato pakati pa mtsinje wawo, lakuda bii, lotalika ngati mkono wanga, kuti anthu aleke kuseka, adziwe kuti awa ndi madzi. Kenako mantha anandigwira, poti khoma limenelo ngakhale Atate sankalikhudza. Ndinakhala pakhonde kudikira mkwapulo.

Amayi anabwera, natula ndowa, naima patsogolo pa khoma nthawi yaitali. Kenako anatapa dothi loyera n'kuyamba kupaka m'mphepete mwa bwato lija, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Ndinaganiza kuti akundinyalanyaza dala pondilanga. Ndinalakalaka akanandimenya. Ndinawakoka chitenje ndikulira.

"Amama, onani bwato! Ndine nalemba, nimenyeni!"

Anapapasa khoma ndi zala zawo zamatope.

"Lili pati, mwana wanga?"

Atate anawakweza panjinga kupita kuchipatala ku Chama, koma maso sanabwerere. Mvula yoyamba itagwa ndinaima pakhoma ndi thumba lakale la feteleza, kuyesa kutchinga, mtsinje ukusungunukira m'miyendo mwanga. Amayi anali m'nyumba, akufunsa ngati madzi akuonekabe. Ndinawanamiza kuti inde.

Nthawi imeneyo ndinkati Amayi aiwala kujambula. Lero ndikudziwa kuti ankajambula mtsinje wawo ndendende momwe unkaonekera m'maso mwawo, mdima usanatseke. Chabodza pakhoma lonse lija chinali bwato langa lokha.