Timadontho ta Kunsi kwa Sokosi

Winifred anabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Marondera, komwe bambo ake, munthu wa ku Dedza, ankasoka maovolosi a antchito. Winifred anadziwa kupalasa makina asanadziwe kulemba dzina lake. Ntchito itatha pa famupo banja linamwazikana, ena ku Epworth, ena ku Norton, ndipo iye anafika ku Chitungwiza ndi makina a bambo akewo atawakulunga m'bulangeti. Kumeneko anakwatiwa ndi Stephano, wowotcherera zitsulo pa Chikwanha, nayenso mwana wa anthu a ku Malawi. Anakhala ku Unit G, m'nyumba ya zipinda zinayi yokhala ndi kachipinda ka malata kuseri.

Kwa zaka zoposa makumi awiri, wofuna yunifolomu ya mwana kapena bulauzi yoyera ya amayi a Chigwirizano ankagogoda pa geti la Mai Nokutenda. Ankamutchula choncho potengera mwana wake mmodzi yekhayo, amene tsopano ali pabanja ku Gweru. Anali mayi wosachuluka mawu, woti ankadziwa muyezo wa mwana pongomuona akudutsa mumsewu. Koma kaunjika atadzaza misika, mayunifolomu osokasoka nawonso atayamba kupezeka pa Town Centre, geti lija linayamba kukhala chete. Makina ankatha sabata atafunditsidwa chitenje.

Marjory anabwera mwezi wa Meyi pa kagalimoto kotuwa. Anali mayi wa ku Harare, wothamangathamanga, wogulitsa zovala zochitira masewero olimbitsa thupi kwa azimayi a kumayadi. Wina wa kutchalitchi ndiye anamulozera nyumbayo. Anatulutsa m'chikwama sokosi yaifupi yakuda, naitembenuza kuti Winifred aone kunsi. Kunali timadontho ta mphira, tondondozana kuyambira kuchidendene mpaka kuzala.

"Izi ndi za Pilates," anatero, akusakaniza Chishona ndi Chingerezi. "Masewero ake savala nsapato. Timadonthoti n'toti munthu asaterereke. Zochokera kunja zimachedwa m'njira, ndiye ndikufuna munthu wa manja osamala."

Winifred anayesa wamva dzina la Pilato, ndipo anafunsa ngati zinali za tchalitchi. Marjory anaseka, namuonetsa pa foni azimayi atagona pa timabedi toyenda pa njanji, akukankha ndi mapazi, akukoka zingwe pang'onopang'ono ngati anthu oopa kudzutsa mwana.

Ntchitoyo sinali yovuta kuphunzira. Masokosi ankabwera m'matumba, osalala kunsi. Stephano anadula timalata tooneka ngati phazi, ndi kachitsulo kena koboolaboola. Munthu ankaveka sokosi pa kalatako, n'kusanjikapo kachitsulo, n'kupaka phala la mphira, kenako n'kuyanika pa waya. Phalalo linkalimba msanga, choncho ankalisungunula ndi madzi ena a m'chigubu cha buluu chopanda dzina, omwenso ankatsukira zitsulo ndi manja. Ankaoneka ngati madzi akumwa, koma fungo lake linali ngati la petulo wothira shuga, ndipo linkatsalira kukhosi mpaka nthawi ya chakudya.

"Mdani wanu ndi fumbi," anatero Marjory. "Likagwera pa timadontho tisanaume, sokosi yawonongeka. Muzitseka chitseko ndi zenera."

Ku Unit G fumbi silisowa. Kombi, minibasi ya kumeneko, imodzi yokha ikadutsa, limalowa mpaka m'mbale. Winifred anatseka zenera la kachipinda kakuseri komwe ankagwirira ntchitoyo, natseka ndi mipata ya malata yomwe ndi nsanza.

Maoda atachuluka anaitana Tereza, mlongo wake wa Stephano, amene ankagulitsa tomato pa Chikwanha ndipo anali atatopa ndi dzuwa. Tereza anali wosiyana naye kwambiri: wamtali, wankhani, woimba mokweza m'kwaya. Anagawana ntchito. Winifred ankapaka ndi kuyanika, Tereza ankasungunula phala ndi kutsuka zitsulo, manja ali m'beseni tsiku lonse.

Chaka choyamba chinawayendera. Pakhomo panayamba kununkhira nyama yokazinga, denga lodontha linasinthidwa. Marjory anamulowetsa Winifred m'gulu la pa foni la anthu a malonda amenewa, momwe ankatumizirana nkhani: nyumba yatsopano yochitiramo Pilates yatsegulidwa kwakuti, chaka chino anthu akufuna mtundu wa dothi ndi wobiriwira, mabuluku othina azikhala ndi lamba wotambalala. Winifred sankalembamo kanthu, koma ankawerenga zonse m'mawa akumwa tiyi. Tsiku lina anaona chithunzi cha mayi wina atatukula mwendo, kunsi kwa phazi kuli timadontho take, ndipo anakaonetsa Stephano.

Mutu unkawawawa onse awiri, koma ankati n'kutentha kwa malata. Masana ena ankagwidwa ndi phwete popanda choseketsa, Tereza mpaka kutsamira khoma. Akatuluka panja, dziko linkayamba lapendekeka kaye kenako n'kukhazikika.

Tsiku lina la mu Ogasiti m'chaka chachiwiri, Winifred anaona madontho ofiira pasimenti, kuchokera pakhomo mpaka pabeseni.

"Alamu, taimani. Magaziwa akuchokera kuti?"

Tereza anayang'ana pansi, nadzutsa phazi. Kachidutswa ka lata kanali kataboola patapata n'kulowa m'chidendene.

"Inetu sindinamve," anatero, akuseka pang'ono. Anakazula yekha akuyang'ana, nkhope osasintha. "Mapaziwa masiku ano ali ngati a munthu wina. Dzanzi lokhalokha."

Kukiliniki anamuyeza shuga, anamuyeza magazi, sanapeze kanthu. Anamupatsa mavitamini. Koma kayendedwe kake kanasintha. Ankatukula mawondo kwambiri, phazi n'kumagwa lokha pansi kuti phwa. Pokwera kombi ankaphonya chopondera. Kutchalitchi ena anayamba kunong'onezana kuti mwina amalawa, ena kuti pali munthu amene sanakondwe ndi denga latsopano lija. Mayi wina anabwera ndi botolo la madzi opemphereredwa.

Uthenga unafika Lachitatu m'mawa. Winawake m'gulu lija, nambala yosadziwika, anatumiza nkhani yochokera kwina, yonena za antchito a pa fakitale ina ya kunja amene anafooka miyendo chifukwa cha madzi osungunulira mphira ndi guluu. Inati zimayamba ndi dzanzi m'mapazi ndi m'zala. Winifred anawerenga kamodzi, tiyi n'kumuzizirira m'manja. Anafuna kuwerenganso bwino kuti amvetse Chingerezi chake, koma uthengawo unali utafufutidwa. M'malo mwake munali chithunzi cha kabulauzi katsopano ka zingwe zopingasa kumsana. Woyang'anira gululo anali Marjory.

Anamuimbira.

"Hazvina basa, mhamha, zilibe ntchito zimenezo," anatero Marjory. "Ndi anthu ansanje amene akufuna kutiwonongera msika. Ine mankhwalawo ndimayenda nawo m'galimoto tsiku ndi tsiku, ndafa?"

"Nanga dzina lake ndi chiyani?"

"Dzina mukalitani? Loweruka ndikufuna katundu yense. Pali malo atsopano akutsegulidwa."

Tsiku limenelo Winifred anatsegula zenera ndi chitseko. Mphepo ya Ogasiti inalowa ndi fumbi lake, ndipo Loweruka Marjory anabweza theka la masokosi, akuwatola ndi zala ziwiri. Lolemba Winifred anaima nthawi yaitali dzanja lili pa zenera. Anaganiza za makina ofunditsidwa chitenje, ndi za geti lopanda wogogoda. Anatseka. Za uthenga uja sanauze Tereza, sanauzenso Stephano. Anangoti kuyambira tsopano zitsulo azitsuka yekha, mlamu wake akhale pampando azipaka.

Panapita milungu isanu. Lachinayi lina, povala bulauzi ya Chigwirizano, mabatani anamukanika. Ankawaona bwinobwino, koma zala sizinkamuuza ngati zagwira kapena ayi. Anayesa kulowetsa ulusi m'singano, ntchito imene ankaigwira osayang'ana, ndipo singano inagwa iye osamva kuti yachoka m'manja. Anavala juzi pamwamba, napita kumapemphero. Poimba nyimbo anabisa manja m'chitenje.

Tereza anagwa Lolemba lotsatira, masana, pakati pa bwalo. Sanapunthwe pa kanthu. Miyendo inangopinda ngati nsalu yonyowa. Anayesa kudzuka kawiri, kenako anakhala pansi n'kuyang'ana mlamu wake.

"Alamu, itanani achimwene. Apa ndiye zandikanika."

Anamutengera ku chipatala chachikulu ku Harare. Dokotala, bambo wa imvi wolankhula motsitsa, anamugogoda mawondo ndi kanyundo, namubaya ndi kasingano kuyambira kuzala kukwera m'mwamba. Tereza anayamba kumva kasinganoko katafika pafupi ndi bondo. Dokotalayo anaika pansi cholembera.

"Mumagwira ntchito yanji, mayi?"

Tereza anafotokoza za masokosi. Winifred anali ataima kumbuyo, ndipo anamva mawu ake omwe akutuluka.

"Pali madzi ena amene timasungunulira. Ndinawerengapo kuti amapha miyendo."

Stephano anatembenuka n'kumuyang'ana. "Munawerenga liti, amake Nokutenda?"

"Mu Ogasiti."

Stephano anatuluka, nakwera kombi kubwerera ku Unit G, ndipo anabwerako ndi madziwo m'botolo la zakumwa. Dokotala anatsegula, nanunkhiza patali, natseka msanga. Anati atumiza kokayeza, koma sakufunika kudikira zotsatira kuti awauze chochita: asalowenso m'kachipindako kuyambira lero. Mitsempha yotumiza mauthenga m'miyendo ndi m'manja inali itawonongeka. Kenako ananena chinthu chimene Winifred sanachiyembekezere.

"Musadabwe zikapitirira kuipa ngakhale mwasiya. Matendawa amayendabe miyezi iwiri kapena itatu asanaime. Pambuyo pake ena amachira, koma pamatenga chaka kapena kuposa. Ena sabwereramo monse." Anayang'ana Winifred. "Nanunso vulani nsapato."

Winifred anakhala pabedi n'kutseka maso monga anauzidwira. Anadikira kubayidwa. Anadikirabe. Atatsegula maso anapeza dokotala wafika kale pa akakolo.

Marjory anabwera patatha masiku atatu, Stephano ali ku ntchito. Sanalowe m'nyumba kukaona Tereza. Analongedza zigubu, phala ndi masokosi otsala m'galimoto, natenga ndi timalata tomwe anadula Stephano. Anati pepani, matenda sasankha, mwina ndi za kumtundu. Madzulo ake Winifred anapeza kuti wachotsedwa m'gulu lija, ndipo nambala ya Marjory sinkalowanso.

Tereza anali atasamukira m'chipinda chimene kale chinali cha Nokutenda. Winifred ankamusambitsa, kumunyamula kupita naye kuchimbudzi, kumutikita miyendo imene inkaonda sabata ndi sabata. Za mu Ogasiti Tereza anazitchula kamodzi kokha.

"Mukanandiuza, alamu, mwina ndikanakhalabe. Koma ndikanakhala ndikudziwa."

Kuyambira pamenepo ankalankhulana za chakudya ndi za nyengo. Stephano anamuwotcherera mlongo wake chitsulo choyendera cha miyendo inayi, ndipo chinakhala pakona kudikira. Kwa mkazi wake sanakweze mawu tsiku n'limodzi lomwe, koma ankadya mwakachetechete n'kudzuka.

Winifred anavundukula makina a bambo ake. Phazi silinkamva chopalasira, choncho ankasoka akuyang'ana pansi ndi pamwamba mosinthasintha, mzere n'kumakhota. Anasoka masiketi awiri a sukulu, imodzi mwiniwake anaibweza. M'mawa uliwonse asanadzuke ankadzitsina mwendo kuti aone pomwe dzanzi lafika. Mu Novembala linali pa akakolo. Mu Disembala linakwera pang'ono, ngati m'lifupi mwa zala zitatu.

Mu Januwale anamva kwa mayi wogulitsa masamba kuti kagalimoto kotuwa kamaima misewu iwiri kuchokera kwawo, pa nyumba ya Magret, mayi wamasiye wa ana anayi amene ankapemphera naye limodzi. Akuti kanayamba kuimapo kalekale, Tereza asanagwe. Winifred anatenga ndodo n'kuyamba ulendo. Mtunda wa mphindi zisanu unamutengera theka la ola. Fungo analimva asanafike pa geti.

Magret anatuluka akupukuta manja pa epuloni. Anamvetsera zonse mwaulemu: za chidendene cha Tereza, za uthenga wofufutidwa, za dokotala ndi kasingano kake.

"Ndamva, Mai Nokutenda," anatero. "Koma Marjory anandiuza kuti kwanu kunali shuga. Komanso akuti mankhwala awa ndi ena, asintha."

"Chigubu chake ndi cha buluu?"

"Zigubu zonse ndi za buluu." Magret anayang'ana kumbali, komwe yunifolomu zinayi zinali pa chingwe. "Ine ndatha miyezi isanu, sindikumva kalikonse. Ana akudya. Ndikasiya, mundipatsa ntchito ina ndinu?"

Winifred anangopempha kuti azigwirira panja, ndipo Magret anati aona. Anamuperekeza mpaka pa geti, nagwira kachitsulo kotsekera kuti amutsegulire. Zala zinaterereka. Anagwiranso, zinatererekanso. Kachitatu anakakankha ndi chikhatho chonse, geti n'kutseguka.

"Dzimbiri," anatero Magret.

Winifred anayang'ana kachitsuloko. Kanali katsopano, kopakidwa mafuta. Anatsanzika, natuluka mumsewu, maso ali pa mapazi ake kuti aone pomwe akuponda.