Nkhawa za Achimwene Tinkaziyeza pa Ndowa

Ndikukumbukira kwathu ku Kabudula, sukulu yaulere itangoyamba kumene, ana titadzaza m'kalasi mpaka aphunzitsi kumaphunzitsira pazenera. Achimwene anga a Lemekeza anali pamsinkhu womera ndevu zoyamba. Phokoso linkawapweteka, munthu sankamuyang'ana m'maso, ndipo mtima ukawathamanga sankanena. Ankangokhala pakhonde n'kuyamba kutonola chimanga mpaka mtima ukhale pansi.

Choncho ife nkhawa zawo tinkaziyeza pa ndowa. Galu wachilendo akauwa, theka la ndowa. Kwaya ya amayi ikaphunzirira nyimbo pafupi, ndowa yosefukira. Tsiku lomwe galimoto ya kampeni inadutsa ndi zimkuzamawu, anatonola nkhokwe yonse, nkhuku n'kudya mpaka kumayenda chokhala. Ndikunama ine? Kafunseni nkhukuzo.

Mbiri itamveka, mudzi wonse unayamba kuwakonda achimwene. Munthu ankafika ndi dengu la chimanga, kulonjera mwaulemu, kenako n'kuponya mawu: "Eti mawa kusukulu kukubwera a jakisoni?" Madzulo ankadzatenga chimanga chake chotonoledwa bwinobwino, n'kuthokoza Mulungu. Zala za achimwene zinatuluka matuza, tulo n'kuwathawa.

Kenako a Phiri, mkulu wa mpingo wathu, anabwera ndi ngolo yathunthu. Anakhosomola n'kunena kuti amva zoti sukulu ikufuna kusintha malo okhala ana onse m'kalasi. Achimwene anatonola mpaka zitsononkho kufiira magazi. Amayi athu ataona magaziwo anatenga madengu. A Phiri atabwera ndi matumba, anapeza chimanga chonse chili m'nyumba mwathu.

"Kodi amayi, chimanga changa chija?"

"Chanu chinali cha m'zitsononkho, abambo, zitsononkhozo ndi izo. Ichi chatuluka m'nkhawa za mwana wanga. Mukabwera ndi nkhani ina yoopsa, mubweretsenso ngolo."

Kuyambira tsikulo nkhani zoopsa zinatheratu ku Kabudula. Ngakhale afisi anayamba kulira monong'ona.

Masiku ano zinthu zinasintha. Chimanga akutonola ndi makina, mmene achimwene alili madokotala ati ndi otizimu, ndipo kuchipatala nkhawa amaziyeza ndi mafunso. Chaka chatha namwino anawafunsa kuti nkhawa zawo n'zazikulu bwanji. Achimwene anayang'ana pansi, n'kuganiza mofatsa.

"Theka la ndowa," anayankha. "Koma musawauze a Phiri."